Intaviyu ya ntchito ya makompyuta: zomwe ndinaphunzira nditagwa katatu

Intaviyu yanga yoyamba ndi kampani ya kunja ndinaichitira m'chipinda chomwe ndinkachita lendi ku Area 25 ku Lilongwe, laputopu ili pa tebulo la pulasitiki, foni nditaitsamiritsa pawindo chifukwa ndi pokhapo pomwe netiweki inkagwira. Kampaniyo inali ya ku Cape Town. Mayi amene ankandifunsayo anandipatsa funso la code (malangizo amene timalembera kompyuta kuti ichite ntchito), ine n'kuweramira pa kiyibodi, zii, mphindi 12 zathunthu osatulutsa liwu. Code ndinailemba, inayenda, yankho linatuluka lolondola. Ndinatseka laputopu ndikudziona ngati ndalowa kale ntchito. Patapita masiku anayi ndinalandira imelo yondithokoza chifukwa cha nthawi yanga, ndipo aliyense amene anafunsirapo ntchito akudziwa tanthauzo la kuthokoza kumeneko.

Ndinalimba mtima n'kuwalembera kuti andiuze pomwe ndinaphonya. Ambiri sayankha, koma mayiyo anayankha ndi mizere iwiri: yankho linali labwino, koma sanathe kudziwa mmene ndimaganizira. Ndinakhumudwa, komanso ndinasokonezeka. Kuyambira pulayimale mpaka ku koleji tinaphunzitsidwa kuti pa mayeso wolankhula ndi wobera. Kunyumba nako mwana waulemu ndi amene amadikira kuti akulu amufunse kaye. Ine ndinatengera makhalidwe awiriwa ku intaviyu, osadziwa kuti kumeneko kukhala chete kuli ngati kusiya pepala losalembapo kanthu. Zambiri zimene ndikuuzeni pano zikuchokera pa nkhani imeneyi.

Choyamba dziwani ulendo wake, chifukwa si tsiku limodzi ayi. Maofesi ambiri a kuno kwathu amakuitanani kamodzi, mumavala suti, mumanyamula envulopu ya masatifiketi, n'kukhala pamaso pa anthu asanu amene amakufunsani mosinthana. Makampani a mapulogalamu a kunja, ndi ena ochepa a konkuno, amachita zosiyana. Amayamba ndi kukuimbirani kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo woimbayo nthawi zambiri amakhala wa ku HR, osati injiniya. Kenako amakutumizirani mayeso a pa intaneti, kawirikawiri pa HackerRank kapena Codility, kapena kantchito koti mukachitire kunyumba. Mukadutsa pamenepo mumalemba code munthu akukuonerani, kwa mphindi 45 mpaka ola. Ngati ntchitoyo ndi ya anthu oti akhalitsako pa ntchito, pamabwera gawo la system design, lofotokoza mmene mungakonzere dongosolo lonse la pulogalamu yaikulu. Kumapeto kuli kucheza za khalidwe lanu ndi mmene mumagwirira ntchito ndi anzanu. Zonsezi zimatha kutenga mwezi kapena kupitirira. Pa foni yoyamba ija funsani mosaopa kuti magawo alipo angati, gawo lililonse muli chiyani, ndipo mukuloledwa kugwiritsa ntchito chilankhulo chanji cha code. Wa ku HR amafuna kuti mudutse, chifukwa ntchito yake ndi kudzaza mpando umene uli wopanda munthu.

Tisanafike pa code, tikambe za magetsi ndi netiweki, chifukwa mnzanu wa ku Berlin amene mukulimbirana naye mpando saganizako n'komwe za zimenezi. Laputopu idzaze usiku wake. Khalani ndi malayini awiri, wa Airtel ndi wa TNM, onse muli bandulo, ndipo muyeseretu kulumikiza laputopu ku foni iliyonse mwa awiriwo. Zoom, Google Meet kapena Teams, chimene atchula pa imelo, chitsegulenitu dzulo lake, muimbire mnzanu kuti akuuzeni ngati mukumveka. Zomvera m'makutu za waya zotchipa zija n'zodalirika kuposa za Bluetooth zimene zimatha moto pakati pa chiganizo. A m'nyumba auzeni kuti ola limenelo wailesi izime ndipo wogogoda abwezedwe. Magetsi akazima muli mkati, musanamizire kuti palibe chachitika. Nenani kuti magetsi athima, mupemphe mphindi imodzi yosinthira netiweki, ndipo ngati intaneti ikuvuta pemphani kuti nonse muzimitse makamera. Palibe amene anandichotserapo malikisi pa chifukwa chimenechi.

Nthawi nayo imapha. Intaviyu yanga yachiwiri sindinagwe ndi funso, ndinagwa ndi wotchi. Malawi ndi South Africa nthawi yathu ndi imodzi chaka chonse, ndiye ndinazolowera kusaganizako. Koma ku Britain amasintha mawotchi Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okotobala. Kuyambira kumapeto kwa Okotobala mpaka kumapeto kwa Malichi, London imakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi. Ine ndinawerengera maola awiri, n'kulemba m'kope, intaviyu ili sabata yoyamba ya Epulo. Ndinalowa pa Zoom nditasamba bwinobwino, munthu atadikira n'kutopa n'kupita kale. Anandipatsa tsiku lina, koma ndinalowa ndili ndi manyazi, ndipo zinaonekera. Musawerengere pamtima. Landirani kayitanidwe ka pa kalendala kamene akutumizirani, foni ikuwerengereni yokha.

Tsopano gawo lenileni, lolemba code munthu akukuonerani. Ndikupatsani chitsanzo cha funso lodziwika kwambiri kuti muone mmene mungaliyendetsere. Akupatsani mndandanda wa manambala ndi nambala ina imodzi, akuti mupeze manambala awiri a mu mndandandamo amene mukawaphatikiza akupereka nambala imeneyo. Tinene kuti mndandanda ndi 4, 9, 2, 7, ndipo akufuna 11.

Musagwire kiyibodi. Bwerezani funsolo m'mawu anuanu kuti amve ngati mwalimva. Kenako funsani. Kodi manambalawo ndi osanjidwa kale kuyambira laling'ono? Angakhalemo ochepera ziro? Nambala imodzi ndingaigwiritse ntchito kawiri? Nanga mayankho akakhala angapo, monga pano pomwe 4 ndi 7 akupereka 11 komanso 9 ndi 2 akupereka 11 yemweyo, ndibweze onse kapena loyamba lokha? Akapanda kupezeka ndibweze chiyani? Mafunso a intaviyu amawasiya dala ndi mabowo kuti aone ngati muwaona, ndipo apa m'pomwe safunsa amadya phula: umalemba code yokongola yoyankha funso limene sunafunsidwe.

Mukatero, nenani njira yoyamba imene yakubwererani, ngakhale ili yosakongola. Muuzeni kuti njira yapafupi ndi kutenga nambala iliyonse n'kuiyerekeza ndi ina iliyonse, malupu awiri, wina mkati mwa mnzake. Nenani nokha vuto lake asanakufunseni: manambala akakhala 10,000, mapeyala oti muyese akuyandikira 50 miliyoni, zomwe amati O ya n sikweya, kutanthauza kuti manambala akachuluka kawiri, ntchito imachuluka kanayi. Kenako ganizani mokweza. Ndikaima pa 4, chimene ndikusowa ndi 7. M'malo mosakasaka 7 mu mndandanda wonse, bwanji ndizisunga manambala amene ndadutsa kale mu hash map, kankhokwe komwe umapezamo chinthu msanga osasakasaka, kuti pa nambala iliyonse ndizingoona ngati mnzake wosowayo ndinamuona kale? Pa 4 mulibe kanthu, ndimusunga. Pa 9 ndikusowa 2, palibe, ndimusunga. Pa 2 ndikusowa 9, alimo, ndapeza. Ulendo umodzi wokha, koma ndawonjezera memory imene ndikugwiritsa ntchito. Funsani ngati akugwirizana nazo, ndiyeno lembani. Polemba musasiye kulankhula, koma si kuti muziwerenga chilembo chilichonse. Muzingonena zimene chigawo chimenecho chikuchita. Mukamaliza musadikire kuti akuuzeni kuti yesani. Yendetsani chitsanzocho ndi chala, mzere ndi mzere, kenako yesani mndandanda wopanda kanthu ndi wokhala ndi nambala imodzi yokha. Bug, kapena kuti cholakwika cha mu code, mukaipeza nokha imakuwonjezerani malikisi kuposa mukanakhala kuti simunailembe n'komwe koma muli chete.

Nanga mutu ukaima? Umaima ndithu, ngakhale kwa akatswiri. Nenani kuti mwaima, ndipo tchulani pomwe mwaimapo: ndikuona kuti kusanja manambala kungathandize koma sindikuona mmene ndingasungire malo awo oyambirira. Chiganizo chimenecho chimapatsa wokufunsaniyo pogwira kuti akukankheni pang'ono. Akakupatsani kanzeru, kalandireni n'kukagwiritsa ntchito. Ndaonapo anthu, pamene ine tsopano ndimakhala mbali inayo ya tebulo, akuumirira njira yawo munthu atawalozera kawiri konse kuti kutsogoloko kuli dzenje. Amene akufunsayo m'mutu mwake muli funso limodzi: kodi munthu uyu ndingakhale naye pa vuto Lachisanu madzulo, seva itagwa?

Kukonzekera kwake n'kotopetsa ndipo sindikunamizani kuti kuli njira yachidule. Sankhani chilankhulo chimodzi chimene mumachidziwa bwino, kaya Python, Java kapena JavaScript, musasinthesinthe. Pa LeetCode, tsamba la pa intaneti la mafunso a code oyeserera, yambani ndi mafunso osavuta, mupite pa apakatikati, ovuta kwambiri aja muwasiye pokhapokha ngati mukulondola Google kapena anzake a msinkhu umenewo. Dziwani bwino ma array, ma string, hash map, stack, queue, mitengo, binary search ndi recursion. Funso limodzi kapena awiri pa tsiku kwa miyezi iwiri zimaposa mafunso 40 pa Loweruka limodzi. Koma chofunika kuposa zonse, muziyankha mokweza, m'Chingerezi, wotchi ikuyenda. Ine ndinkachita zimenezi usiku ndili ndekha, mpaka amayi a nyumba yoyandikana anafunsa mwini nyumba ngati mnyamata wa kuseriyu ali bwinobwino. Mukapeza mnzanu woti muzifunsana mosinthana, ndiye bwino kwambiri. SQL, chilankhulo chofunsira zimene zasungidwa mu database, musainyoze. Makampani ambiri apakatikati safunsa za mitengo, amakupatsani matebulo awiri kuti muwalumikize ndi JOIN, muwerenge ndi GROUP BY, kenako n'kukufunsani chifukwa chimene query ikuchedwera ndi pomwe mungaike index.

Za Chingerezi, kalankhulidwe kanu ka Chimalawi si vuto. M'magulu amenewa muli a ku India, a ku Poland, a ku Nigeria, aliyense ndi lilime lake. Vuto ndi kuthamanga chifukwa cha mantha. Lankhulani pang'onopang'ono, ndipo ngati simunamve, pemphani abwereze kapena alembe pa chat.

Akakupatsani kantchito kochitira kunyumba, musakasandutse nyumba yansanjika. Akati maola anayi, chitani zimene apempha, ikani ma test angapo otsimikizira kuti code ikuyenda bwino, lembani README yofotokoza mmene angaiyendetsere ndi zimene mwasiya dala chifukwa cha nthawi. Ma commit a pa Git, mosungira mbiri ya zimene mwasintha mu code, akhale omveka, osati limodzi lalikulu la pakati pa usiku. Ngati mwagwiritsa ntchito ChatGPT kapena zina zotero, funsani kaye ngati amalola, ndipo dziwani kuti adzakufunsani mzere uliwonse chifukwa chimene mwaulembera. Pa gawo lokuonerani, maso a munthu amene akuwerenga yankho pa sikirini ina amaoneka, musadzinamize.

Gawo la system design ndi limene ambiri a ife timaliopa, koma ndi pomwe tili ndi katundu amene ena alibe. Pa intaviyu yanga yachinayi, imene ndinadutsa, anandiuza kuti ndikonze dongosolo lolipirira zinthu pa foni. Ndinayamba ndi kufunsa kuti ogwiritsa ntchito ndi angati ndipo ali ndi mafoni otani. Kenako ndinafotokoza chimene aliyense wa kuno amene amagwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba anachiganizirapo: walemba PIN, wadina, netiweki yaduka. Ndalama zapita kapena ayi? Ukabwereza, zipita kawiri? Ndinajambula kuti kulipira kulikonse kuzikhala ndi nambala yakeyake yopangidwa pempho lisananyamuke, kuti seva ikalandira nambala yomweyo kachiwiri izingobweza yankho loyamba lija osadulanso ndalama. Dzina lake ndi idempotency, koma ine vutolo ndinalidziwa kalekale ndisanamve dzinalo. Tinakambirana za kuika mapempho pa mzere, za kuyesanso pakapita kanthawi, za kufananitsa mabuku athu ndi a banki usiku uliwonse. Wondifunsayo anasiya mafunso amene anakonza, tinangocheza mpaka nthawi inatha.

Ndiye ngati munagwirapo pa USSD (ma menyu aja a pa foni oyamba ndi * kutha ndi #), pa DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero imene unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito, pa makompyuta a m'zipatala ngati aja a sikirini yogwira ndi chala amene a Baobab Health Trust anayambitsa, kapena pa pulogalamu yosonkhanitsa mayankho kumudzi komwe kulibe netiweki n'kudzawatumiza pambuyo, musaone ngati ndi tintchito tachabechabe. Munthu amene anapangapo chinthu choti chiziyenda intaneti ikuduka amadziwa zimene ena amangoziwerenga. Zitulutseni.

Gawo la khalidwe linandigwetsa pa intaviyu yachitatu, ndipo chinandigwetsa ndi liwu limodzi: ife. Atandifunsa za ntchito imene ndimanyadira, ndinati tinakonza, tinaganiza, tinamaliza. Anandifunsa kawiri kuti nanga inuyo munachitapo chiyani, ine n'kumaona ngati akufuna ndidzitame, ndiye ndinapitiriza kubisala m'gulu. Kwathu munthu wongoti ine, ine timamuona ngati wodzikweza. Koma iwo sakulemba ntchito gulu lanu lonse, akufuna kudziwa dzanja lanu linagwira pati. Anzanu atchuleni, kenako nenani mosabisa chimene inuyo munaganiza ndi kuchita. Njira imene ambiri amatsata amaitcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wanu unali wotani, munachita chiyani, zotsatira zake zinali zotani. Amazon, imene ili ndi maofesi aakulu a mainjiniya ku Cape Town komwe gulu lina linapangira EC2, ntchito yobwereketsa makompyuta pa intaneti imene inatuluka mu 2006, imamanga mafunso amenewa pa mfundo zake 16 za utsogoleri, ndipo mfundozo zili poyera pa intaneti. Ngakhale simukufunsira kumeneko, ziwerengeni, muona mtundu wa mafunso.

Konzani nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zenizeni: pomwe munasemphana maganizo ndi mnzanu kapena bwana, pomwe nthawi inakutherani, pomwe munaphunzira chinthu mwachangu, ndi pomwe munalakwitsa. Yomalizayi musaithawe, ndipo musayankhe zoti vuto langa ndi kulimbikira ntchito mopitirira, aliyense anatopa nazo. Yanga ndi iyi. Pamalo pena pomwe ndinkagwira, ndinayendetsa UPDATE, lamulo losintha zolembedwa, pa database yeniyeni nditaiwala WHERE, mawu osankha mizere yoti isinthidwe, tsiku lobadwa la anthu onse m'tebulo n'kukhala limodzi. Thukuta linatuluka ngakhale kunali mu Juni. Ndinakauza bwana nthawi yomweyo, tinabweza kuchokera pa backup ya usiku wathawo, zimene zinalowetsedwa m'mawa umenewo tinazilowetsanso pamanja kuchokera pa mafomu. Kuyambira pamenepo ndinakhazikitsa lamulo loti kusintha kulikonse kwa pa database yeniyeni kuziyamba kwayesedwa pa ina yoyeserera, ndipo munthu wachiwiri aziona. Nkhani imeneyi yandipezetsa ntchito kuposa satifiketi iliyonse imene ndili nayo. Chokhacho, pofotokoza musanyoze kumene munachoka, ngakhale kunali kowawa.

Akakufunsani ngati muli ndi mafunso, khalani nawo. Ine ndimafunsa kuti code imadutsa m'manja mwa ndani isanapite kwa ogwiritsa ntchito, ndani amadzutsidwa usiku zinthu zikagwa, ndipo munthu watsopano amayembekezeka kuti pakatha miyezi itatu akhale atachita chiyani. Mayankho ake amakuuzani ngati kumeneko n'kokhalika.

Pa ndalama ndiye pofunika kusamala. Funso loti mukulandira zingati panopa lingakugwetseni m'dzenje, chifukwa malipiro a kwacha mukawasintha kukhala madola amaoneka ngati a tiyi, ndipo iwo akhoza kungowonjezerapo pang'ono inu n'kuvina. Bwezani funsolo mwaulemu: mpando umenewu anaukonzera ndalama zapakati pa zingati ndi zingati? Fufuzani kaye pa Glassdoor, kapena pa OfferZen ngati kampaniyo ndi ya ku South Africa. Funsani kuti malipiro alembedwa mu ndalama ya dziko liti. Amene anali pa ntchito mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, safunika kuwafotokozera kufunika kwa funso limeneli. Funsaninso ngati akukulembani ngati wantchito kapena ngati kontilakita, chifukwa kontilakita nthawi zambiri amadzionera yekha za msonkho ku MRA, za chipatala ndi za penshoni, ndipo masiku a tchuthi mwina salipidwa. Laputopu agula ndani, intaneti alipira ndani, ndalama zidzafika bwanji ku banki yanu, zonsezi zilembedwe. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama kaye kuti akulembeni ntchito kapena kuti akutumizireni zipangizo ndi wakuba, ngakhale imelo yake ikhale ndi chizindikiro chokongola bwanji. Ndipo kalata yosiya ntchito musaipereke chifukwa cha mawu a pa foni. Fodya ndi amene ali pamphuno. Dikirani kontilakiti, muiwerenge, musayine, kenako mukatsanzike.

Intaviyu iliyonse ikatha, musanadye n'komwe, lembani mafunso onse amene anakufunsani ndi pomwe munadodoma. Ine ndili ndi kope la chikuto cholimba limene ndinagula pa msika wa Nsungwi, ndipo funso la hash map limene ndinaliyankha mwakachetechete pa intaviyu ya kampani ya ku Cape Town ija lili pa tsamba loyamba. Pakatha sabata osamva kanthu, tumizani imelo imodzi yaifupi yofunsa pomwe zinthu zili. Imodzi yokha. Pamene mukudikira yankho, tumizani CV kwina.